Katundu wa Bambo Anali kwa Anthu

Bambo anga anamwalira osasiya wilo. Moyo wawo wonse anali munthu wa mapepala, ankajambula mapu ku Capital Hill mpaka kupuma pa ntchito, koma pepala lonena za katundu wawo sanalembe. Tinakawaika kwathu kumpoto, pafupi ndi amayi amene anatsogola kalekale. Titabwerera ku Lilongwe, nyumba ya ku Area 15 tinaipeza ili zii, phulusa la moto wa pamaliro likadali pabwalo.

Ana tilipo atatu. Ine ndine woyamba. Wondipondera ndi mwamuna, amagwira ntchito kunja kwa dziko, ndipo maliro atangotha anabwerera. Womaliza ndi mtsikana, nthawi imeneyo anali ku koleji. Abale atakhala pansi anagwirizana kuti ine ndiye ndiyendetse chuma cha masiye, poti ndinali wamkulu komanso ndinkakhala mumzinda momwemo. Mmodzi yekha sanakondwe nazo, bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo. Iwo ndi mlimi, mkulu wa mpingo kumudzi, munthu wosayankhulayankhula. Kwa iwo, zinthu za mwamuna amayendetsa ndi abale ake aamuna. Sanatsutse poyera, koma ananena kuti atsika nafe ku Lilongwe kuti akaone ndi maso awo mmene zinthu ziyendere.

Ndinapita ku ofesi ya boma yoona za chuma cha masiye nditanyamula chikalata cha imfa. Ndinakumana ndi mayi wina wachikulire wa magalasi, amene anandikhazika pansi n'kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu.

"Ntchito yanu yoyamba ndi kulemba," anatero mayiyo. "Mulembe chilichonse chimene chinali chawo pa tsiku limene anamwalira. Nyumba, galimoto, buku la kubanki, ngakhale khasu. Kaya chili m'nyumba, kaya chili kwa munthu, kaya chili kumudzi, chilembedwe. Musagawe, musagulitse, musapatse munthu ngakhale malaya musanalembe. Mukamaliza mudzalumbira kuti palibe chimene mwabisa. Zikadzapezeka kuti munabisa, mlandu ndi wanu inuyo, osati wa banja."

Ndinathokoza n'kutuluka. Ine ndimaphunzitsa ana a pulayimale, za makhoti sindinkazidziwa.

Loweruka lake tinayamba kulemba. Ine ndinagwira cholembera, mng'ono wanga ankatsekula makabati, bambo aang'ono ankatitsatira pambuyo manja ali kumsana. Tinalemba mipando ya pabalaza, tebulo lodyera, wailesi yakanema yakale, mabedi, mabuku ambirimbiri, majekete a bambo amene ankanunkhabe sopo wawo. Tinalemba galimoto imene inali itakhala pa miyala kuseri kwa nyumba. Mng'ono wanga analira atapeza magalasi a bambo ali pakati pa Baibulo, ndipo tinayamba tapuma.

Vuto linabuka titatsekula chipinda chosungiramo zinthu. Chipindachi bambo ankachikhoma okha. Ine ndinkadziwa kuti m'menemo muli makina osokera a amayi, akuda opalasa ndi phazi, firiji yaikulu yogona, jenereta, wilibala ndi makwerero aatali achitsulo. Titatsekula tinapezamo zitini za penti youma, matayala akutha ndi akangaude basi.

Bambo aang'ono anayang'ana m'chipindamo nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Achimwene ali kuchipatala, makiyi a nyumba ino ankasunga ndani?"

"Ndine, bambo."

"Oho."

 "Oho" ameneyo anandilasa kuposa chitonzo chilichonse. Ndine amene ndinkagona pa simenti m'chipatala, ndine ndinkachapa zofunda za bambo, ndiye lero ndioneke wakuba katundu wa abale anga? Ndinayesa kufotokoza kuti chaka china ndinafunsapo za makinawo, bambo n'kungoyankha kuti, "Ali kwa munthu." Ine ndinkayesa kuti anapita kokakonzedwa. Bambo aang'ono anangogwedeza mutu n'kupita kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Chakudya chamadzulo anadya pang'ono, osayang'ana munthu.

Mawa lake, titabwera kutchalitchi, tinamva odi pageti. Anali bambo wachikulire, wochepa thupi, wa ndevu zoyera, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa kachisilamu. Kumbuyo kwawo kunali wakabaza akukankha njinga, pakaliyala atamangirira chinthu cholemera chokutidwa ndi chitenje. Nkhope yawo ndinaikumbukira. Ndinawaona pa maliro atakhala kumapeto kwa azibambo, chete, pamene kwaya ya mpingo wathu inkaimba.

Tinawapatsa mpando pakhonde. Atapepesa za maliro, anauza wakabaza kuti atsitse katunduyo, ndipo anavundukula okha chitenje. Unali mutu wa makina a amayi. Ndinauzindikira chifukwa cha pamene panasupuka penti pafupi ndi gudumu, pomwe ine ndinakanda ndi msomali ndili mwana.

"Ine ndine telala wa ku Area 2," anatero. "Ndimasokera pakhonde la sitolo ina kufupi ndi msika. Makina awa ndi a malemu bambo anu. Miyendo yake yatsala, njinga sikanatha zonse. Ndinadikira kuti misozi iyambe yauma, n'chifukwa chake ndachedwa."

Anatifotokozera mmene zinakhalira. Bambo anali kasitomala wawo kuyambira akugwira ntchito, mathalauza onse ankasoketsa kwa iwo. Chaka china moto unabuka m'sitolo imene ankasokera pakhonde pake. Makina awo, amene ankawasunga m'katimo akaweruka, anapsa pamodzi ndi nsalu za anthu. Bambo atapita kukatenga thalauza lawo anawapeza atakhala pa njerwa, manja ali m'khosi.  Madzulo omwewo bambo anabwerera ndi galimoto, makina a amayi ali kumbuyo.

"Ana anga onse aphunzira ndi makina amenewa," anatero atelala, akusisita gudumu lake.

Chifundo chinandigwira, ndipo ndinaiwala zonse zimene mayi wa ku ofesi anandiuza.

"Bambo, tengani makinawa mubwerere nawo. Mwakhala nawo zaka zonsezi. Mukanakhala chete palibe akanakufunsani."

"Iyayi, mwanangu. Bambo anu sanandipatse, anandibwereka. Anandiuza kuti ndiwasunge, ana anga adye, koma tsiku lina ana awo adzawafuna. Kwathu timaphunzitsidwa kuti chuma cha ana amasiye ndi moto, sichisungidwa m'thumba. Ndikabisa makinawa, kumzikiti ndikaima bwanji? Ndamva kuti mukulemba katundu wawo. Lembani."

Bambo aang'ono anali atakhala chapatali, akumvetsera. Anakoka mpando wawo n'kufika pafupi.

"Ndiye pakhonde panu mwasiyapo chiyani, akulu?"

"Benchi ndi sizasi."

"Nanga mawa musoka ndi chiyani?"

"Mulungu ndi amene akudziwa."

Bambo aang'ono anatembenukira kwa mng'ono wanga n'kumuuza kuti atereke tiyi, alendo asapite kukamwa kouma. Kuchokera pamene tinatsekula chipinda chija, aka kanali koyamba kumva mawu awo ali ofewa.

Tikumwa tiyi, ndinatchula za firiji, jenereta, wilibala ndi makwerero. Atelala anaseka pang'ono.

"Zimenezo zili m'tauni momwemo. Bambo anu atapuma pa ntchito, ofesi yawo inali benchi langa. M'mawa ankabwera ndi nyuzipepala, n'kukhala mpaka dzuwa litafika pamutu. Anthu ankawapeza pamenepo ndi mavuto awo. Iwo ndalama analibe zambiri, ndiye ankati, ‘Ndili ndi chakuti kunyumba chikungokhala.’ Ambiri mwa anthuwo ndikuwadziwa. Ndikuperekezani."

Zimenezi ine sindinkazidziwa. Ndinkaganiza kuti bambo amangokhala pakhomo, kuwerenga ndi kuthirira maluwa. Ndikapita kukawaona Lamlungu sankanena chilichonse.

Lolemba ndinalawirira n'kuthamangira ku ofesi ya boma ija. Nkhani ya atelala inandisowetsa tulo, chifukwa sukulu zinali pafupi kutsekulidwa, nyengo imene atelala amasoka mayunifomu. Mayi wa magalasi uja anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Udindo wanu ndi kulemba ndi kusamala katunduyo mpaka tsiku logawa," anatero. "Kusamala sikutanthauza kutsekera m'chipinda. Lembani kuti makinawo ndi a malemu, ali kwa uje, pamalo pakuti. Iwo asayine kuti akukusungirani. Ena aja chimodzimodzi. Koma wina akanena kuti anapatsidwa malemu ali moyo, chimenecho si cha masiye ayi, pokhapokha patakhala umboni wotsutsa."

Tsiku lomwelo ndinabwereka galimoto ya mnzanga, ine ndi bambo aang'ono tinabweza makinawo ku Area 2. Bambo aang'ono ndi amene anawanyamula kuchokera pamsewu kukafika pakhonde, kukana kuti wina awathandize. Atelala anasayina pepala lija mosamala, n'kufunsa kawiri ngati dzina la bambo lalembedwa pamwamba.

Loweruka lotsatira tinayenda m'tauni, atelala patsogolo, ife pambuyo. Kunali fumbi ndi mphepo, oitanira maminibasi akukuwa, anthu akukankhana pamlatho. Tinayamba ndi mayi wina wamasiye amene ankagulitsa nkhuku zozizira ndi zakumwa m'kanyumba kakang'ono kuseri kwa msika. Atamva kuti ndine mwana wa malemu, anagwada pansi n'kuyamba kulira. Ankayesa kuti tabwera kudzanyamula firiji. Ndinamudzutsa n'kumuuza kuti tangobwera kudzalemba. Anatsekula firijiyo kuti tione kuti akuisamala, n'kutikakamiza kulandira nkhuku imodzi. Bambo aang'ono anakana, mayiyo anaumirira, mapeto ake nkhukuyo tinayenda nayo m'jumbo tsiku lonse.

Jenereta inali kwa bambo wina wowotcherera zitsulo. Iyeyo sanachedwe, anati ankadikira kuti wina abwere. Anationetsa pamene anaikonza itawonongeka, n'kusayina ndi dzanja lakuda bii ndi mafuta.

Kwa kalipentala ndi kumene zinavuta. Makwerero tinawaona ndi maso athu atatsamira khoma, wilibala ili ndi utuchi. Koma mwiniwakeyo anati, "Zimenezi madala anandipatsa. Anati ndi zanga." Ankayankhula akuyang'ana thabwa limene ankapala.

Bambo aang'ono anayamba kutentha. Anatembenukira kwa atelala. "Inu munalipo, nenani."

Atelala anayankha kuti, "Ndinalipo, koma ndinkapalasa makina. Ndinaona akugwirana chanza, mawu sindinamve. Chimene sindinamve sindinganene."

Ndinalemba monga mmene kalipentalayo ananenera, kuti akuti anapatsidwa, ndipo mboni palibe. Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona. Bambo aang'ono anang'ung'udza njira yonse kuti makwerero otere sapatsidwa chabe.

Dzuwa litapendeka tinamva kuitana kwa kumzikiti. Atelala anatipempha kuti tiwadikire pang'ono akapemphere. Tinakhala pamthunzi wa sitolo ina yotseka, ine ndi bambo aang'ono, jumbo la nkhuku lili pakati pathu likudontha madzi. Tinagula thobwa kwa mayi wina wodutsa. Tinamwa. Kenaka bambo aang'ono anapukuta pakamwa n'kunena m'Chitumbuka, chiyankhulo chimene amagwiritsa ntchito nkhani ikakhala ya m'banja.

"Tulutsa pepala lako. Lemba ng'ombe."

"Ng'ombe ziti, bambo?"

"Zili m'khola mwanga. Si zonse zanga. Achimwene anagula zazikazi chaka chimene iwe unayamba sekondale, anandisiyira kuti ndiziweta. Zinaswana. Ndikudziwa za iwo ndi za ine, ndikakuonetsa."

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana msewu. Za ng'ombezo palibe mwana wa bambo ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa, ndipo pa msonkhano wa abale kumudzi sanazitchule. Ndinalemba. Za makiyi zija sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti munthu wamkulu ngati iwo angapepese kwa mwana. Koma atelala atatuluka mumzikiti, bambo aang'ono ananyamula jumbo la nkhuku lija okha, n'kundiuza kuti ndiyende kumbali ya mthunzi.

Pa tchuthi chotsatira ndinapita nawo kumpoto. Anandilowetsa m'khola m'mamawa, n'kumaloza ng'ombe imodzi imodzi, iyi mayi wake ndi uyu, iyi ndi yanga, iyi ndi ya achimwene. Anaitana anthu awiri apamudzi kuti akhale mboni. Nditabwerera ndinakalumbira. Ndinagwira Baibulo mtima uli m'malo, chifukwa zimene ndinkadziwa zonse zinali papepala.

Kudikira chilolezo chogawa kunatenga miyezi yambiri. Mapepala ankapita uku ndi uku, ine n'kumakwera minibasi kuchokera kusukulu kupita ku City Centre, nthawi zina kungouzidwa kuti ndibwerenso. Tsiku logawa litafika, tinakhala pabalaza ku Area 15, mlongo wathu wakunja uja ali pafoni. Nyumba tinagwirizana kuti ikhale ya tonse atatu. Ng'ombe tinati zikhalebe kwa bambo aang'ono, ndipo zina tinawapatsa kuti zikhale zawo chifukwa cha zaka zonse zimene anaweta. Firiji tinamusiyira mayi wa nkhuku uja. Jenereta mlongo wathu anaifuna, poti ankamanga nyumba, ndipo wowotcherera uja anaibweretsa yekha popanda mawu.

Pa makina osokera ine ndinalibe nkhawa. Ndinkadziwa kuti tonse tinena kuti akhale a atelala. Koma mng'ono wanga anaweramitsa mutu n'kuyamba kulira.

"Inu achemwali amayi munawadziwa," anatero. "Ine anandisiya ndili wamng'ono, nkhope yawo ndimaionera pa chithunzi. Chinthu chimene anachigwira ndi manja awo chatsala ndi chimenechi. Ndikuwafuna makinawo."

 Anali ndi ufulu wonse, ndipo sindikanamudzudzula. Koma ndinaganiza za bambo aja amene akanatha kukhala chete n'kusoka mpaka ukalamba, lero kukhulupirika kwawo kukuwalanda chida chodyera. Ndinazengereza sabata yathunthu ndisanapite ku Area 2. Nditafika ndinazungulirazungulira ndi mawu, mpaka iwo anandidula.

"Wafuna ndani, wamng'ono uja?"

"Eya, bambo."

"Wachita bwino. Ndi a mayi ake. Mundipatse masiku ochepa ndimalize madiresi a ukwati awa, ndiwathire mafuta, ndisinthe lamba."

Ndinaimbira foni bambo aang'ono kumudzi kuwauza mmene zathera. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Usachite kanthu, ndikubwera." Anagulitsa ng'ombe yamphongo imodzi, ya iwo eni, osati ya bambo. Ine ndi mlongo wanga tinawonjezerapo. Anatsika ndi basi, ndipo tinayenda m'masitolo a ku Area 2 mpaka tinapeza makina ogwiritsidwapo kale ntchito koma olimba. Atelala anakana poyamba. Bambo aang'ono anawauza kuti, "Awa si a masiye, akulu. Awa ndikukupatsani ine wamoyo, pamaso pa mwana uyu, ndipo mawu anga wawamva. Si obwereka." Atelala anaseka mpaka kupukuta maso ndi mkono wa mkanjo, n'kulandira.

Makina a amayi anabwerera ku Area 15 akunyezimira. Mng'ono wanga sankadziwa ngakhale kulowetsa ulusi. Anayamba kupita kwa atelala Loweruka lililonse, n'kumakhala pabenchi lija kuphunzira kudula ndi kupinda. Chinthu choyamba chimene anasoka chinali pilo wokhota mbali imodzi, ndipo anamupereka kwa aphunzitsi akewo. Pano mng'ono wangayo ndi amene amasoka madiresi a ana anga.

Atelala akalamba tsopano. Maso sakuonanso bwino, singano amalowetsera ulusi ndi mdzukulu wawo wamkazi akaweruka kusukulu. Amadandaula kuti makina atsopanowa amachita phokoso ndipo sakonda nsalu yokhuthala. Ndikapita kumsika ndimadzera pakhonde pawo. Kangapo ndayesa kuwathokoza bwinobwino, kuwauza kuti anandichotsera dzina loipa pakati pa abale anga, komanso kuti anandionetsa bambo anga amene sindinkawadziwa. Nthawi zonse amandidula. Amafunsa za mvula kumpoto, za thanzi la bambo aang'ono, ngati mlongo wanga wamaliza kufolera nyumba. Ulendo wathawu anandiuza kuti ndiwabweretsere mpunga wa kwathu ndikadzapitanso, chifukwa wa m'tauni muno amausakaniza. Ndawasungira thumba laling'ono, ndikawapatsira Loweruka.